Raspberry Pi 5, Orange Pi 5 kapena kakompyuta kakale ka mu ofesi: kogula nkati?

Chiyambireni anzanga kuona kuti makalata ndi malipoti ndimalembera pa kabolodi ka kompyuta kochepa ngati khadi ya ku banki, funso la pa WhatsApp ndi limodzimodzi: ndigule kati? Ofunsawa akufuna kompyuta ya pa tebulo yoyendera Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows), yotsegula browser, yolembera pa LibreOffice, yoonera phunziro pa YouTube ndi kusindikiza pepala, koma yosameza magetsi chifukwa kunyumba amadalira sola ndi batire imodzi. Ndiyankhe pano kamodzi kuti aliyense adziwerengere.

Za liwiro sinditayapo nthawi. Pa pepala Orange Pi 5 ndiyo ili patsogolo, chifukwa chip chake cha Rockchip RK3588S chili ndi ma core 8 (timitu togawana ntchito mkati mwa chip), pomwe Raspberry Pi 5 ili ndi 4. Raspberry Pi 4 ya mu 2019 imagwirabe ntchito, koma mukatsegula masamba ambiri pa browser imayamba kukokera miyendo. RAM, yomwe imasunga zomwe mwatsegula panthawiyo, tengani ya 8GB ngati thumba likulola. Ya 4GB imakwana kwa munthu wodziletsa, wotseka tsamba akathana nalo.

Chomwe ndikufuna mumvetse, abale anga, ndi nkhani ya yemwe adzasamalire pulogalamu yoyendetsa kabolodiko ogulitsa atalandira kale ndalama zanu. Apa ndi pomwe ndinapsa. Ndinaitanitsa kabolodi kena kotchipa kwa wogulitsa wa pa intaneti, mlamu wanga nandibweretsera kuchokera ku Joni. Manambala a pa bokosi anali okopa, ndipo panalembedwa kuti kamayendetsa Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux. Ubuntu yakeyo inali fayilo imodzi yoikidwa pa linki yogawirana mafayilo, yopanda kalozera. Itakwera, kanema ankasewera bwino pa pulogalamu imodzi yokha yomwe iwo anaikamo, koma pa browser ankadukaduka mpaka mawu kusiyana ndi milomo. Tsiku lomwe ndinalola ma update wamba, omwe Linux iliyonse imakupemphani kuti muike, ndinazimitsa nkuyatsanso. Katochi kofiira ka pa bolodi kanayaka, sikirini nkukhala yakuda bii. Pa tsamba la opanga panalibe fayilo yatsopano, ndipo pamalo ofunsira mafunso panali anthu ena olira vuto lomwelo popanda wowayankha. Mankhwala ake anali kukopanso fayilo yakale ija ndi kusakhudzanso ma update, kutanthauza kulowa pa akaunti ya ku banki ndi browser yosalandira zotchinga za chitetezo. Fayilo yotere imapitirira 1GB, ndipo inu mukudziwa momwe bandulo imapwetekera.

Chochititsa chake ndi kapangidwe ka timabolodi ta ARM, mtundu wa chip womwe uli pa timabolodi tonseti. Kompyuta wamba ya Intel kapena AMD ili ndi BIOS kapena UEFI yomwe imauza Linux zipangizo zomwe zili mkatimo, nchifukwa chake fulashi imodzi ya Debian, mtundu winanso wa Linux, imakwera pa Dell, pa HP ndi pa Lenovo mofanana. Timabolodi tambiri ta ARM tilibe zimenezo. Kalikonse kamafuna choyatsira chakechake, kawirikawiri U-Boot, ndi fayilo ya device tree yofotokoza kuti waya wakuti wapita kuti. Opanga chip amatenga kernel ya Linux ya chaka china (kernel ndiye mtima wa Linux wolankhula ndi zipangizo), nkuisokerera zigamba zawo kuti zithunzi, kanema ndi mawu zigwire, kenako nkuipereka kwa opanga mabolodi. Zigambazo zikapanda kulowa mu Linux yaikulu yomwe dziko lonse limasamalira, kabolodi kanu kamamatirira pa kernel yomweyo mpaka kale. Zili ngati kugula galimoto yomwe ma sipeya ake amapezeka kwa munthu mmodzi, iye nkusamuka osatsanzika.

Orange Pi 5 ili bwino kuposa ka ine kaja, ndiyenera kunena zoona. Inatuluka chakumapeto kwa 2022 ikuyendera kernel ya Rockchip ya 5.10. Driver yomasuka (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya Mali-G610, gawo la chip loonetsa zithunzi, yotchedwa Panthor, yomwe akatswiri a ku Collabora anaigwirira ntchito kwambiri, inalowa mu Linux 6.10 m'chaka cha 2024. Ndiye kuti ogula oyamba anadikira kupitirira chaka ndi theka. Lero anthu a Armbian, gulu lokonza Linux ya timabolodi ta ARM, ambiri mwa iwo odzipereka chabe, amakonza mafayilo abwino a mabolodi a chip chimenechi. Komabe mumayenera kusankha nokha pakati pa kernel ya opanga ndi kernel yaikulu, podziwa kuti china chogwira uku mwina sichigwira uko. Kwa munthu wokonda kukhala pa terminal (polembera malamulo a kompyuta) usiku, izi nzokoma. Mphunzitsi wofuna kusindikiza mayeso mawa m'mawa sindingamutumize kumeneko.

Ku Raspberry Pi nkhaniyi ndi ina, ndipo mpomwe mtima wanga unamangika. Raspberry Pi OS, yochokera pa Debian, imakonzedwa ndi anthu omwe amapanganso bolodiyo. Mtundu wake wa 32-bit umakwerabe ngakhale pa Pi yoyamba ya mu 2012. Mumatsegula Raspberry Pi Imager, kusankha bolodi yanu, kulemba pa khadi, basi. Ubuntu ya pa desiki nayo imatuluka mwalamulo ya Pi kuyambira pa 20.10. Chikakanika, mumalemba uthenga wa vutolo pa Google nkupeza kuti wina anakumana nalo kale ndipo anayankhidwa. Kwa ife okhala kutali ndi masitolo a zinthuzi, komwe kubweza katundu kwa wogulitsa nkosatheka, chimenechi chimaposa ma core anayi owonjezera aja.

Koma musanamizidwe ndi mtengo wa pa zithunzi zotsatsa malonda. Pi 5 itatuluka mu October 2023, ya 8GB inali madola 80 a ku America, ndipo imeneyo ndi bolodi yokhayokha, yamaliseche. Imafuna chaja yopereka 5V pa 5A, yomwe eni ake anaiika pa madola 12. Mukaipatsa chaja ya 3A imayaka ndithu, koma imachepetsa mphamvu ya ku ma USB kufika pa 600mA, ndiye hard drive yakunja imatha kumangodzizimukira. Kafani kake kanali madola 5, ndipo musakasiye: chip chikafika cha pa madigiri 80 chimadzichepetsa liwiro, ndipo m'nyumba ya malata mwezi wa October ku Salima kapena ku Nsanje kufika pamenepo sikuchedwa. Kabokosi kake madola 10. Apa mwadutsa kale madola 100 musanagule khadi, musanalipire otumiza ndi msonkho wa pa chipata, komanso mitengo yakhala ikusintha kuchokera nthawi imeneyo. Potulukira zithunzi ndi pa micro HDMI, ndipo chingwe chake sichipezeka pa benchi iliyonse ya mu msika. Pobaya ma headphone anachotsapo pa Pi 5, choncho mawu amadzera pa HDMI, pa Bluetooth kapena pa kachipangizo ka USB. Orange Pi 5 ili ndi HDMI yaikulu yomwe tinazolowera komanso malo a SSD (chosungira mafayilo chothamanga) pansi pa bolodi, koma mtundu wake woyamba ulibe WiFi, mumagula padera.

Khadi ya microSD ndi chinthu china choti musachidalire. Linux ya pa desiki imalembalemba pa khadi nthawi zonse, makamaka browser, ndipo magetsi akathima ili mkati molemba, mafayilo amatha kuonongeka mpaka osayakanso. Makadi abodza odzaza m'misika amawonjezera vutoli. Pa Pi 4 njira yake ndi kuyendetsa zonse kuchokera pa SSD ya pa USB 3. Pa Pi 5 pali kabolodi kowonjezera ka M.2 HAT+, komwe kanatuluka mu 2024 pa madola 12, kolumikizira SSD ya NVMe. Kusintha kumeneku kumamveka m'manja kuposa china chilichonse: LibreOffice yomwe munkaidikira mutagwira tsaya imatseguka msanga.

Pa magetsi timabolodi tonse titatu tili bwino. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku timadya mawati ochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri sikirini ndiyo imamaliza batire kuposa kompyutayo. Pi 4 ndiyo yosavuta kudyetsa kuchokera pa batire ya 12V, chifukwa kachipangizo kotsitsa mphamvu kufika pa 5V 3A kamapezeka mosavuta. Ka 5A kofunika pa Pi 5 nkovutirapo, ndipo ma power bank ambiri safika pamenepo. Chingwe chikhale chachifupi ndi chonenepa, apo ayi muzingoona chenjezo la mphamvu yochepa pakona ya sikirini.

Tsono pali mpikisano wina womwe okonda timabolodi sakonda kuutchula: timakompyuta ta mu ofesi togwiritsidwa kale ntchito, monga Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro ndi HP EliteDesk Mini. Timabwera ndi bokosi, fani, chosungira mafayilo ndi chaja yake, zonse pamodzi. Popeza ndi ta Intel kapena AMD, fulashi ya Linux Mint kapena Debian imangokwera popanda mwambo. Mapulogalamu ena omwe opanga ake amatulutsa a Intel okha amagwira, ndiponso ma driver a makina ambiri osindikizira, omwe pa ARM amatha kukusowetsani mtendere. Vuto lake ndi lakuti timadya magetsi ochulukirapo, chaja yake imafuna soketi kapena inveta, ndipo simudziwa kuti kanazunzika bwanji mu ofesi yomwe kanachokera. Musalipire musanakayatse pamaso pa wogulitsa.

Ndiye ndikuti chiyani? Ngati muli pa magetsi a mu mzinda, mukufuna kompyuta ya ntchito basi, ndipo mwapeza kakale ka mu ofesi kabwino, tengani komweko. Sindikondwa kunena zimenezi, koma nthawi zambiri ndalama yanu igwira ntchito yochuluka kumeneko. Ngati muli pa sola, kapena mukufuna chinthu chatsopano chomwe mudzapezebe thandizo lake zaka zikubwerazi, ine ndimasankha Pi 5 ya 8GB, chaja yake yeniyeni, kafani ndi SSD, ndipo ndi yomwe ndikulemberapo panopa. Kwa mwana wa sukulu ndimaloza Pi 400 ya mu 2020 kapena Pi 500 ya kumapeto kwa 2024, zomwe ndi kiyibodi yokhala ndi kompyuta mkati mwake. Palibe mawaya oonekera oti mwana agwiregwire, palibe fani yoti idzaze fumbi, ndipo mukaikamo Kiwix amawerenga Wikipedia popanda intaneti. Pi 4 yogwiritsidwa kale ntchito ndingaitenge pokhapokha mtengo uli wotsika kwenikweni.

Orange Pi 5 ndimaisiyira mnzanga wodziwa kale kulemba fayilo pa khadi, kuwerenga zomwe kernel ikudandaula ndi kubwerera m'mbuyo zinthu zikasokonekera. Kwa iyeyo ndi bolodi yamphamvu pa mtengo wake. Timabolodi tina tosadziwika tija, tolonjeza zambiri pa mtengo wa theka, sindidzauzanso munthu kuti agule. Wina akakukakamizani, musanatumize ndalama kwa m'bale wanu wa ku Joni tsegulani tsamba la opanga muone tsiku lomwe anaikapo fayilo yomaliza ya Linux ndi nambala ya kernel yake, kenako muone ngati bolodiyo ili pa mndandanda wa Armbian wa mabolodi omwe ali ndi wowasamalira.