Hush: muionere ndi mahedifoni, ya DJ ayi

Sabata yatha ndinapita kwa anyamata oika mafilimu pa flash kumsika kwathu, ndinawauza kuti ndikufuna yoopsa koma osati ya mizukwa, ndiye anandiikira Hush ya 2016 ya Mike Flanagan. Anyamatawa ntchito amaidziwa, sanandichedwetse ndipo chithunzi chake nchoyera bwino, koma anandiikira ziwiri, ina yomasulira DJ m'Chichewa ina yeniyeniyo. Ya DJ ija sindinafike nayo patali ndinazimitsa, chifukwa filimu iyi mphamvu yake ili pa kuti zii ndiye munthu akamalankhula ponseponse mantha onse amathawa.

Nkhani yake ndi ya Maddie, amasewera ndi Kate Siegel, mtsikana wolemba mabuku amene samva komanso salankhula chidwalireni meningitis (matenda oumitsa khosi) ali ndi zaka 13, ndipo akukhala yekhayekha m'nyumba ya kutchire. Pali malo ena amene mpaka lero sakundichoka m'mutu. Mnzake woyandikana naye nyumba akuthawa chigawenga, wafika pachitseko cha galasi akumenya akulira, Maddie ali pomwepo kukhitchini akukonza zake, nsana wapatsa kuchitseko. Iwe ukumva zonse iye sakumva kanthu, ndinapezeka ndikukuwa ndekha kuti tembenuka mwana iwe!! Apa mpamene ndinaona nzeru ya opanga filimuyi, woonera amakupatsa zimene mtsikanayo alibe kenako nthawi zina amatseka mawu onse kuti ukhale m'makutu mwake, ndiye pamenepo sudziwanso kuti munthu uja ali kuti.

Chigawengacho chimamubera foni nkumamutumizira zithunzi za Maddie yemweyo pa laputopu, chimadula magetsi, chimaboola matayala a galimoto, njira zothawira zikutha imodzi imodzi. Maddie analemba ndi lipisitiki pagalasi kuti sadzanena chifukwa nkhope sanaione, munthu uja nkungovula chigoba chake pomwepo kuti aione bwinobwino. Thupi linachita tsembwe ine.

Chimene ndaikondera kwambiri nchakuti sanamupange Maddie kukhala wongolira. Amaganiza, amayesa, zina zimamukanika amavulala ndithu. Alamu yake ya moto ija yofuula kwambiri ndi kuthwanima, imene amationetsa koyambirira chakudya chitapserera, imadzamuthandiza kutsogolo, ndipo chigawengacho chitamufika kumbuyo amachizindikira ndi mpweya wake pakhosi.

Chondidandaulitsa nchakuti chigoba chija chinavulidwa msanga, munthuyo atayamba kulankhula kuopsa kwake kunachepako, komanso magazi alipo ndithu makamaka pamene Maddie wavulala dzanja, ana asakhale pafupi. Ndi yaifupi, maminitsi 81 basi. Anyamata aja ndibwererakonso koma ndikawauza kuti mafilimu a mtundu uwu azindiikira opanda DJ.