Kambozi kanga ka pa njanji, patatha miyezi 10

Dzulo mlamu wanga wa ku Kasungu anandiimbira kufunsa ngati nayenso aitanitse roller coaster yaing'ono ngati yanga. Ndinamuuza kuti andipatse tsiku limodzi. Foni yake inandipeza nditagwira bilu ya mmisiri, ndipo ndikanayankha pompo ndikanati akagule chigayo.

Ndi kasitima ka ana ka mutu wa mbozi, ka mabogi 6. Kanachokera ku China, kanatsikira ku Dar es Salaam, kanalowera pa Songwe, ndipo tinakamanga pamalo anga osewerera ana kuno ku Mzuzu. Njanji sizinachite dzimbiri, penti akadali wowala, zitsulo zotsekera ana pamiyendo sizinamasukepo ngakhale kamodzi. Pamenepo ndilibe mawu.

Vuto linali loti kankangoima kokha.

Kasitima kotere kalibe injini. Mota imangokakweza pachitunda, kwinako kamatsetsereka ndi kulemera kwake. M'mbali mwa njanji muli masensa ouza bokosi la kompyuta, lomwe amisiri amati PLC, pamene kafika. Sensa ikachedwa kukaona, kapena awiri akanena zosiyana, bokosi limadula zonse. Miyezi yotentha kanayenda bwinobwino, ndipo pa Khirisimasi mzere unkafika kugeti. Mvula itakhazikika ndiye tinayamba kuona zakuda. Ya kuno mukuidziwa, kwina anthu akukolola ife tikadali m'mawawa ndi nkhungu.

Loweruka lina mu Epulo kunali phwando la mwana wobadwa. Kambozi kanakwera, kanafika pakati pa chitunda, ziii. Sikanabwerere m'mbuyo chifukwa pali mano achitsulo okagwira, koma kauzeni zimenezo mayi amene mwana wake akulira m'mwamba. Tinawatsitsa mmodzimmodzi pamakwerero. Ndalama ndinabweza zonse, ndipo mayi wina anandilalatira m'Chitumbuka chakuya moti theka sindinamve, mwina zinandithandiza.

Wogulitsa uja, ndisanalipire ankayankha pa WhatsApp ngakhale pakati pa usiku. Nditalipira anakumbukira kuti kwawo ali patsogolo ndi maola 6. Nthawi zonse yankho linali lakuti tumizani vidiyo. Kenako anati vuto ndi magetsi athu. Pang'ono sananame, mota ndi ya three phase, yolandira magetsi pa mawaya atatu, ndipo waya mmodzi akafooka imang'ung'uza, choncho ndinagula kachipangizo koiteteza. Kuima sikunathe. Ananditumizira masensa atsopano "aulere", zotumizira n'kulipira ine. Tinaika. Patatha masiku anayi, ziii.

Mnyamata wina wa zamagetsi anati angolumphitsa waya kuti bokosi lisamamvere sensa yovutayo. Ndivomere, ndinatsala pang'ono kulola. Anandiletsa ndi bambo wina wachikulire wa ku Luwinga amene wakalambira pa makina a m'fakitale. Anati, "Adada, bokosili silikunama. Mukalitseka pakamwa, tsiku lomwe lidzanene zoona mudzamvera kupolisi." Anatenga sukuludiraiva n'kutsegula timabokosi tolumikizira mawaya pansi pa njanji. Madzi anachita kutayika. Mawaya ankalowera pamwamba, pabowo popanda labala, ndiye dontho lililonse linkatsata waya mpaka mkati. Masensa akale aja analibe mlandu. Anatembenuza timabokosi tonse kuti waya azilowera pansi, anamata silikoni, n'kusiya waya atalendewera pang'ono kuti madzi azidonthera panja. Ntchito ya masiku awiri, pamene ine ndinali nditavutika miyezi itatu.

Mu Juni kunabwera china. M'mawa kukazizira girizi wa m'mateyala amalimba, kasitima n'kumayenda mwaulesi, kufika pa sensa mochedwa, bokosi n'kudula. Madala omwewo anasintha girizi n'kuika wopepukirapo, ndipo tsopano tisanatsegule timakayendetsa maulendo angapo titakweza matumba a mchenga. Anyamata anga amadandaula ndi kunyamula, koma chiyambireni sikanaimenso ndi mwana.

Ndiye mlamu, funso lanu lija. Loweruka kukacha bwino, ana akukuwa ndi chisangalalo, makolo akugula chipisi podikira, ndimakakonda kambozi aka kuposa galimoto yanga. Lolemba ndikakhala ndi kope la ndalama mtima umatembenuka. Za Khirisimasi zonse zinathera kwa amisiri, kubweza matikiti ndi masensa omwe sindinkawafuna. Mateyala ayamba kudyeka, atsopano ndi a madola, ndipo madola kubanki mukudziwa mmene akuvutira. Ngongole ndidzamaliza mochedwa ndi chaka pa mmene ndinawerengera.

Mukafuna gulani, koma musamalize kulipira asanakupatseni mateyala ndi masensa apadera m'kontena momwemo, komanso chithunzi cha kayendedwe ka mawaya m'Chingerezi. Changa ndinapempha mu Meyi. Chinabwera sabata yatha, m'Chitchaina, limodzi ndi uthenga wondifunsa ngati ndingakonde kugulanso ndege za ana zozungulira.