Civil kapena mechanical, kuno kwathu iti imadyetsa?

Ma fomu a NCHE akangotuluka funso limakhala lomwelomweli, makamaka kwa ana amene masamu ndi physics zinawayendera bwino pa MSCE: pa za uinjiniya, ndilembe civil kapena mechanical? Makolo ambiri sachedwa kuyankha, amati civil basi, poti msewu amauona ndi maso mlatho amawolokapo, pomwe ukati mechanical m'mutu mwawo mumabwera makaniko wa ku Ndirande wovala ovolosi ya girizi. Akulakwitsa, koma osati kwambiri ngati mmene ana asukulu amaganizira.

Sukulu yake kwa ambiri ndi yomweyo, ku Poly, yomwe kuyambira 2021 tikuitchula kuti MUBAS itachoka mu UNIMA. Zonse ziwiri ndi zaka zisanu ndipo masamu ake amawawa mofanana, nde musathawire uku poganiza kuti nkophweka. Kusiyana kumadzaoneka wavula gauni wayamba kuzungulira ndi envelopu.

Civil ili ndi makomo ambiri, apa tisakanganepo. Dziko lathu likadamangidwabe, ndipo zomwe tamanga kale madzi amabwera nkudzakokolola. Tonse tinaona mmene namondwe Freddy anasiyira Chilobwe ndi Soche mu March 2023, milatho ndi misewu kum'mwera kuno zambiri zinafunika kuyambiranso. Olemba ntchito nde mbwee: Roads Authority, ma water board onse asanu, makhonsolo a mizinda ndi maboma, a ulimi wothirira makamaka pano pomwe akukumba ngalande yaikulu ya Shire Valley yochokera ku Kapichira kulowera Chikwawa ndi Nsanje, ma kontirakitala ngati Mota-Engil, ma consultant, mpaka ma NGO amene amapanga za madzi ndi ukhondo. Olo boma lakutali bwanji, pali ofesi ya public works yofuna munthu wodziwa konkire.

Koma ntchito zambiri mwa zimenezi nza kontirakiti. Msewu ukatha nawenso watha, ubwerere ku Bangwe ukadikire tenda ina. Ndipo ndalama zake pafupifupi zonse zimachokera ku boma kapena kwa ma donor, nde boma likachedwa kulipira kontirakitala, zomwe si zachilendo, kontirakitala naye amachedwa kukulipira iwe, malipiro a June nkudzalandira mu September uli ku kampu kutchire network yosakira pa chulu. Palinso nkhani ina imene m'kalasi saphunzitsa. Bwana akufuna kupulumutsa matumba a simenti, iwe ukudziwa kuti mix imeneyo siikwana, koma siginecha yofunika ndi yako. Chinthucho chikadzang'aluka dzina lotchulidwa ndi lako osati la bwana. Amene mtima wake ndi wofewa pokana zinthu aganize kawiri.

Chomwe chimandipangitsa kuikabe civil patsogolo kwa munthu wamba ndi geni yapambali. Yendani ku Chileka, Mpemba, Machinjiri, Chigumula muone mmene anthu akumangira, ena mpaka nyumba zosanja pa malo otsetsereka oti pakufunika khoma lotchinga dothi. Onsewo akufuna wina awawerengere zitsulo za mu slab, awaonere foundation, awayang'anire amisiri Loweruka. Mpamba wake ndi laputopu, pulogalamu yojambulira mapulani ya AutoCAD ndi nsapato za pa site basi. Ukalimba umalembetsa kakampani kako ku bungwe la ma kontirakitala lija ambiri timangoliti NCIC nkuyamba ndi ma kalavati ndi midadada ya sukulu. Kungoti kusainira ma drawing pawekha kumafuna ukhale wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo zimenezo sizibwera ndi digiri, zimafuna zaka zogwira ntchito pansi pa injiniya amene analembetsa kale.

Mechanical nde ina. Chinthu choyamba choti muvomereze musanalembe nchoti kuno sitipanga galimoto, sitipanga injini, mashini ambiri amabwera m'makontena kuchokera ku China, India kapena South Africa. Amene akulota zokhala pa kompyuta kujambula injini yatsopano adzakhumudwa. Ntchito yeniyeni ndi yoonetsetsa kuti mashini a eni ake asaime, ndipo akaima adzuke msanga. Kunena zoona ntchito imeneyi si yaing'ono ayi. Madzi amene timamwa mu Blantyre muno ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, amakankhidwa ndi mapampu kukwera mtunda wonse uja kudzera ku Chileka, pampu imodzi ikafa ma Ndirande ndi ma Zingwangwa ayamba kale kulondola zigubu. Magetsi a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi ma turbine ofuna munthu wowadziwa. Ku Illovo, Nchalo ndi Dwangwa, fakitale imagaya nzimbe usana ndi usiku nyengo yonse yachilimwe, ma boiler akuyaka ndi zotsalira za nzimbe zomwezo, kenako mvula ikayamba amaimitsa nkumasula chilichonse kukonza. Onjezani Castel ku Makata, mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, simenti, fodya ku Limbe ndi Kanengo, njanji.

Mukaona mndandandawo ukuoneka wautali koma malo ake ndi ochepa, ndipo amene alowa satuluka. Fakitale imodzi imatha kukhala ndi ma injiniya owerengeka ndi ma fitter, amisiri omanga ndi kukonza mashini, ambirimbiri, nde mpata umapezeka wina akapuma kapena akapita kunja. Ndi chifukwa chake mupeza anyamata a mechanical akuphunzitsa masamu pa pulaiveti kapena akugulitsa ma spare podikira. Koma ukalowa, ntchito yake ndi yokhazikika kuposa ya pa site, malipiro amabwera pa tsiku lake poti kampani ikugulitsa shuga kapena mowa tsiku lililonse, siikudikira bajeti ya ku Capital Hill, ndipo kuma esiteti nthawi zambiri nyumba amakupatsa. Mtengo wake ndi foni ya 2 koloko usiku yoti lamba waduka bwerani, komanso kutentha kwa ku Nchalo mu October, amene anakhalako akudziwa.

Vuto la forex lawapatsanso ulemu a mechanical mwanjira ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 kuitanitsa spare kunja kunasanduka nkhani ya miyezi ndi ndalama zoopsa, nde munthu amene angayeze shaft yothyoka, kuijambula nkukaisula pa lathe, mashini osemera zitsulo, mu Ginnery Corner mashini nkudzuka mawa lake, ameneyo bwana samulola kuchoka. Kuyamba wekha nde kovutirapo kusiyana ndi civil, chifukwa lathe, welding ndi magetsi a three phase si zinthu zogula ndi malipiro oyamba, ngakhale msika ulipo wa zigayo, mashini osenda mtedza, mapampu a sola ndi ma cold room.

Za kunja, mechanical imayenda bwino. Pampu ndi pampu kaya ili ku Chikwawa kaya ku Kitwe, ndipo migodi ya ku Copperbelt, ya malasha ku Tete ndi ya ku South Africa imafuna anthu omwewa. Kwathu konkuno migodi ikayenda monga akunenera, Kayelekera ku Karonga ndi Kangankunde ku Balaka, a civil adzadya poyamba pomanga misewu ndi madamu, koma otsala zaka zonse mgodi ukugwira ndi a mechanical. Komanso wa mechanical amatha kulowa pa site ya civil kukayang'anira ma grader, ma crusher ndi mapaipi, pomwe wa civil mu fakitale alibe chochita kupatula pomanga shedi.

Ine mphwanga kapena mchemwali wanga atandifunsa, ndipo alibe mbali imene mtima wake uli, ndingamuuze civil, chifukwa ntchito yoyamba imapezeka msanga ndipo ikasowa sagona ndi njala. Koma ngati ndi mwana uja amene anamasulapo wailesi ya bambo ake kuti aone mkati, alembe mechanical, kungoti nthawi ya attachment, pomwe ophunzira amakaphunzira ntchito ku kampani, asakakamire kukhala mtauni. Apite ku Nchalo, ku Nkula kapena ku tiyi akadetse manja, chifukwa mafakitale amakonda kuitana munthu amene ma fitter akumudziwa kale dzina.