Sitolo ya masipaisi ku Limbe: nyenyezi zinayi, koma gulani zosapera

Kwa ife a kuchigwa kuno amene timaphika za malonda, kaya ndi mpunga wa paukwati kaya ndi nyama ya mbuzi ya pamalo odyera, masipaisi enieni ali ku Limbe basi. Ine ndimaphikira ku Nchalo ndipo ndagulako malo ambirimbiri, koma kasitolo kena ka amwenye kamene kali chakufupi ndi msika ndi komwe ndakhazikika, ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndi kakang'ono, kunja sikaoneka ngati kanthu, ukangolowa fungo lake ndi lomwe limakuuza kuti wafika.

Chomwe chinandikoka kwambiri n'chakuti amagulitsa zosapera. Jira (cumin pa Chingerezi), nthangala za daniya (coriander), timitengo ta sinamoni, kadamoni wobiriwira uja, tsabola wakuda wa timibulu, zonse zili m'mabotolo ndi m'matumba ndipo amakuyezera pasikelo iwe ukuona. Anzathu a kumtunda mwina saona kusiyana kwake koma kwathu kuno nkhani yagona pamenepa. Fungo la sipaisi limakhala m'timafuta tina timene tili mkati mwa njere, ukangopera timafuta tija timayamba kuuluka, ndiye tangoganizani kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa limapyola madigiri 40, nyumba ya malata, paketi ya masala ili pashelefu pafupi ndi mbaula. Pomatha mwezi chatsala ndi mtundu wokha, ndiwo zimafiira bwinobwino koma kulawa ngati wathira fumbi la njerwa. Njere zosapera zimapirira miyezi yambiri, fungo limadzatuluka tsiku lomwe wasinja.

Mmene ndimapangira ine, jira ndi daniya ndimakazinga pachiwaya chouma, moto wochepa, zikangoyamba kuthetheka ndi kununkhira ndimaphula msanga chifukwa zikapserera zimawawa, kenako mukamtondo. Ndimasinja zongokwana sabata imodzi. Nyama ya mbuzi ya ku Ngabu mukaithira zimenezi pamodzi ndi adyo ndi jinja, makasitomala amachita kufunsa kuti mayi lero kuli chani kukhitchiniko. Ngakhale mlamba wowamba wathu womwewu umasintha, bola osachulutsa, nsomba siifuna kadamoni ayi.

Za anthu ake, bambo amene amakhala pakauntala salankhulalankhula koma katundu wawo amamudziwa. Ndinawafunsa kuti bwana sinamoni ameneyu bwanji wakwera mtengo chonchi pomwe pamsika ndi wotchipa, anangotenga timitengo tiwiri n'kundipatsa m'manja. Kena kanali kolimba, khungwa limodzi lokhuthala, kofiirira kwambiri, kena kopyapyala kokulungana kangapo, ukafinya ndi zala kamaphwanyika. Kopyapyala kaja ndiye ka ku Sri Lanka, kolimba kaja ndi kasiya amene wambiri amachokera ku China, ndipo onse awiri amagulitsa, aliyense ndi mtengo wake, sakubisa. Pampunga wa anthu ambiri ndimatenga kasiya wotchipayo chifukwa fungo lake ndi laukali, winayo ndimasungira tiyi ndi makeke. Mnyamata woyeza naye ndi waulemu, amalemba dzina pakathumba kalikonse ndi cholembera, zothandiza ndithu chifukwa ufa wa jira ndi wa daniya ukafika nawo kunyumba utatopa sungasiyanitse ndi maso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zinthu zingapo. Mitengo salemba, umachita kufunsa chimodzichimodzi ndipo ukapita mwezi wina wapeza zasintha. Ndikumvetsa kuti katundu wambiri ndi wakunja, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja chilichonse cholowa m'dziko chinapenga, kadamoni ndiye osanena timagula tochepa ngati mankhwala, koma kulemba pakapepala si nkhani ya madola. Chinanso amatseka masana pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo Lachisanu amatseka nthawi yayitaliko chifukwa cha mapemphero. Palibe cholakwa pamenepo koma wa ku Bangula kapena ku Nsanje amene wadzuka m'mamawa, wawoloka pa Kamuzu Bridge, wadikira pa Thabwa, basi yakwera phiri lija ikulira, wafika mu Blantyre n'kukweranso ina ya ku Limbe, ukapeza chitseko chotseka mtima umawawa. Ndiye fikani m'mawa ndipo pewani Lachisanu masana. Timatumba tawo natonso ndi topyapyala kwambiri, chikasu chinandibookera m'chikwama mpaka chitenje chatsopano chinathera pompo, pano ndimanyamula mabotolo anga a mayonezi otsuka bwino amandithirira momwemo.

Sikuti zonse muzigula m'sitolo ayi. Adyo ndi jinja wamuwisi pitani mumsika, kumeneko ndiye kwabwino komanso mumanenerera. Adyo funsani wa ku Ntcheu, timitu tating'onoting'ono tovuta kusenda tija, ndi waukali kuposa woyera mbee wamkulu wochokera kunja uja, ndipo sawola msanga. Tsabola wa kambuzi nayenso mumsika momwemo, sankhani wolimba wa mtundu wa lalanje, ndimaika m'botolo ndi mafuta ophikira ndi kamchere amakhala nthawi. Amene alibe nthawi yopanga yekha, Nali alipo mugolosale iliyonse ngakhale pa Dyeratu, palibe chokwerera phiri.

Koma za ufa zomanga m'timapepala topanda dzina zija, chenjerani nazo kulikonse kumene mwazipeza. Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi akuba, ambiri ndi azimayi anzathu ofuna ya sopo ngati ife tomwe, vuto n'lakuti nawonso amapikula osadziwa kuti wopera anasakaniza chani. Ndinagulako chikasu pabenchi ina chowala bwino kwambiri, nditathira mumphika msuzi unangolemera ngati phala, fungo ziii, mwachidziwikire munali ufa wa chimanga kapena wa chinangwa. Tsabola wakuda ena amasakaniza ndi nthangala zouma za papaya chifukwa zimafanana, mulume kamodzi muone, weniweni amaluma lilime pompopompo. Mukafuna za mupaketi bola za m'masitolo akuluakulu a ku Chichiri ndi mutauni, zimakhala ndi deti komanso zotseka bwino, kungoti timapaketi take ndi tating'ono, kwa wophikira anthu 200 sizipindula. Zapakhomo zili bwinobwino.

Chinandiseketsa musitolo muja n'chakuti pashelefu pali bwemba wa mupaketi, wochotsa makoko, mtengo wake wa mutauni, komanso chitowe m'timabotolo. Achimwene anga amene anandiperekeza anachita kugwira pakamwa, akuti mlongo bwemba yemweyu amene ana amagenda kuseri kwa nyumba? Chitowe ndiye chimalimidwa konkuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mavenda amabwera kudzapikula kwa ife tomwe. Zimenezo musataye nazo ndalama, gulani kumudzi, mupete bwino muchotse mchenga basi.

Pankhani yotumiza amayesetsa. Ukakhala kasitomala wodziwika umatha kuimba foni, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, iwo n'kumanga katundu, koma wokatenga upeze wekha, sapereka kwa kondakitala amene sakumudziwa ndipo pamenepo ndikugwirizana nawo. Ine ndimatuma mwana wa achemwali amene amaphunzira mutauni, amabwera nazo akamabwera kumapeto kwa mwezi. Kamodzi kokha anasokoneza, anaika fenelo m'malo mwa jira poti njere zake zimafananako, nditawaimbira sanakane, ulendo wotsatira anandisinthira osalipiritsa.

Nyengo ya mvula ikamayandikira musagule zambiri nthawi imodzi. Chinyontho cha kuno chimagwiritsa nkhungu tsabola wouma, ndipo nthangala za daniya zimafumbwa, mukaona timabowo ndi kafumbi pansi pa botolo dziwani kuti tizilombo talowa. Mukafika nazo yanikani padzuwa kanthawi, zizizire kaye, kenako mubotolo lagalasi lotseka bwino, liyikeni kuchipinda osati kukhitchini.