Mayi wophoda ndi kuperekeza ku Leeds First Friday: nyenyezi 4 pa 5

Ndikupereka nyenyezi 4, imodziyo ndachotsa chifukwa cha faundeshoni basi, nkhani yake ili mmunsimu. Kwa amene simukudziwa, Leeds First Friday ndi usiku umene akazi a trans (ife amene tinabadwa ndi thupi lachimuna koma timadzimva kuti ndife akazi) ndi anzawo amakumana mu mzinda wa Leeds Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, anthu amangoyenda kuchoka bala iyi kulowa bala iyo cha ku Lower Briggate mpaka kukathera kukalabu, ena amachokera mizinda yakutali nkugona m'mahotela apafupi. Ndiye pali amayi ena amene anaonapo bizinesi, amakuphoda kunyumba kwawo, kukubwereka wigi ngati ulibe, kenako nkukuperekeza okha kumabalako kuti usalowe wekha. Ine ndinabuka mmodzi mwa amenewa, mzungu wachikulire ndithu, dzina sinditchula.

Kubuka kunali kosavuta, pa WhatsApp pompo, dipoziti pang'ono yotsalayo pamanja. Anandifunsa saizi ya nsapato, ngati ndili ndi wigi yanga komanso dzina limene ndikufuna azindiitana, ndipo kuyambira meseji imeneyo mpaka titasiyana usiku sanaphonyeko olo kamodzi dzinalo. Zimaoneka zazing'ono koma amene mumagwira ma shifiti a care ndi baji ya dzina lina pachifuwa mukudziwa chimene ndikunena.

Tsopano faundeshoni ija. Amayiwa ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawanamizire, mmene anandikonzera nsidze ndi maso ndinachita kudziyang'ana kawiri pagalasi, komanso anandiphunzitsa kuti pamalo pometa ndevu uyambe wapaka ka corrector kofiirira konga lalanje kuti mthunzi wakuda uja usatulukire pansi pa phoda, ndipo uzichita kudinda ndi siponji osati kupukuta. Koma bokosi lawo lonse ndi la khungu la azungu aise. Mtundu wakuda kwambiri umene anali nawo unali wa munthu woyera ngati mwenye, atandipaka nkhope inatuwa mbuu ngati ndagwera mu thumba la ufa, khosi lakuda nkhope ina. Anayesa kusakaniza ndi bronzer koma zinkangoipiraipira. Mwamwayi mchikwama ndinali ndi faundeshoni yanga ya Fenty, ndi imene inatipulumutsa. Anapepesa inde, koma pa tsamba lawo analemba kuti amaphoda khungu la mtundu uliwonse, ndiye munthu wolipira ndalama zako sukuyenera kubweranso ndi katundu wako. Asisi akuda nonse, nyamulani faundeshoni ndi phoda yanu, ndipo wigi ngati muli nayo ya lace yanu bweretsani, zawozo ndi za tsitsi la blonde lowongoka zokhazokha.

Koma chimene ndinalipirira kwenikweni si phoda ayi, ndi kuperekezako, ndipo apa ndiye amayiwa ndi katswiri. Tinatsika takisi pafupi ndi Corn Exchange nkuyenda wapansi kutsetsereka, ine miyendo ikunjenjemera mu gogoda, kuzizira kwina mantha kwina. Iwo anangondikoleka mkono nkumandicheza za mdzukulu wawo ngati tikupita kumsika, mpaka tinadutsa pansi pa mlatho wa sitima uja anaupenta mitundu ya utawaleza mu 2017, amautcha Freedom Bridge, ine osazindikira kuti tafika. Pakhomo mabaunsa anawapatsa moni ngati m'bale wawo, anaona ID yanga imene ili ndi chithunzi chakale, anandiyang'ana, nkundibwezera osanena kanthu. Mkatimo anandidziwitsa kwa gulu la azimayi anayi asanu amene amabwera mwezi ndi mwezi, wina dalaivala wa thiraki wopuma ntchito wa zaka za m'ma 60 atavala diresi yonyezimira, wina kamtsikana ka ku yunivesite, ndipo atangoona kuti ndayamba kuseka ndi anthu anadzipatula nkukakhala pakona ndi juwisi wawo, diso lili pa ine koma osandikakamira. Ndinaikonda kwambiri imeneyo.

Tinalowanso ku The New Penny, imene akuti ndi imodzi mwa mabala akale kwambiri a ma gay ku UK konse, yakhala ikulandira anthu ngati ife kuyambira 1953, ndi pamalo pothinana pa phokoso, ma drag queen, asangalatsi ovala zachikazi mokokomeza aja, akutukwana aliyense mwachikondi. Ku bala ya Viaduct kunali shoo, anthu kuvina mpaka thukuta. Nyimbo zake ndi za azungu zakale zija, amene mukufuna amapiano muiwale, koma mowa ukalowa zimavinika.

Zinthu ziwiri zimene ndinkaopa ndisanapite. Choyamba zithunzi. Ife a kumudzi vuto lathu si mzungu wa mumsewu, ndi chithunzi kufika pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena kwa amalume ku Area 25. Ndinawauza amayiwa zimenezi ndipo anazitenga siliyasi, munthu akatulutsa foni iwo amayamba ndi kunena kuti uyu ayi musamujambule, ndipo anthu ambiri kumeneko amafunsa kaye asanajambule chifukwa si ine ndekha wobisala, ena akazi awo kunyumba sadziwa nkomwe. Komabe mu kalabu anthu amatenga mavidiyo mwachisawawa, pamenepo palibe angakutetezeni, khalani kutali ndi siteji. Chachiwiri zimbudzi, chifukwa chichokereni chigamulo cha Supreme Court ya ku UK mu April 2025 chonena kuti mawu oti mkazi mu lamulo la Equality Act la 2010 akutanthauza wobadwa mkazi, ambirife timachita kuganiza kawiri tisanalowe chimbudzi chapagulu. M'mabala amene tinalowa palibe anandifunsa kanthu, pamzere tinkangobwerekana lipisitiki.

Nthawi ina ndili pamzere womwewo ndinakumbukira Aunt Tiwo, mkazi wa trans amene khoti la ku Blantyre linawagamula zaka 14 mu 2010 chifukwa chochita chinkhoswe ndi mwamuna, mpaka Bingu anachita kuwakhululukira atabwera Ban Ki-moon, mkulu wa UN pa nthawiyo, komanso Jana Gonani, mkazi winanso wa trans wa ku Malawi, amene mlandu wake wotsutsa malamulo oletsa kugonana amuna kapena akazi okhaokha unakanidwa mu June 2024. Ndinangoti mmm, nkupukuta maso mosamala kuopa mascara.

Za ndalama, kuphodako ndi kuperekeza sizotchipa kwa munthu wolandira malipiro a care ndi kutumizanso kumudzi, onjezani zakumwa ndi takisi yobwerera chifukwa usiku kwambiri mabasi amavuta. Amayiwa amaweruka cha m'ma 12, amakuuziratu, ndipo asanapite anaonetsetsa kuti ndili ndi nambala ya mmodzi wa azimayi aja komanso kuti Uber ndikakwerere pamalo owala pali anthu, osati kukhwalala. Kunja kwa mabalako kuli zidakwa wamba za Lachisanu, wina anatikuwiza cha ku Call Lane, tinangopitirira.

Ndingabukenso? Kuphoda ayi, ndikwanitsa ndekha tsopano. Koma ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo mulibe woyenda naye, lipirani, zikwana. Nyamulani jekete, ma flat mchikwama osinthira gogoda, ndi faundeshoni yanu.