Mbaula, gasi kapena magetsi: chophikira choyenera pa khomo la ku Chipata

Chaka cha 2024 chinasintha kaganizidwe ka mabanja ambiri a ku Chipata pa nkhani ya moto wophikira. Chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, dziko la Zambia, lomwe magetsi ake ambiri amachokera ku mphamvu ya madzi, linafika poti m'madera ena magetsi ankayaka maola atatu okha pa tsiku, ndipo nthawi zina ankabwera pakati pa usiku anthu atagona. Amene anali atazolowera hotipuleti, kachitofu ka magetsi, anabwerera ku mbaula, makala anakwera mtengo, ndipo ena anayamba kufunsa za gasi. Funso loti chophikira chabwino koposa n'chiti ndi losavuta kufunsa, koma yankho lake limadalira chimene chili mumphika, chifukwa moto umene tiyi wa m'mawa amafuna si umene nyemba zouma zimafuna.

Mbaula wamba ya chitsulo, imene amisiri amakhoma ndi malata akale n'kuiboola m'mbali monse, ndiyo imapezeka pafupifupi pa khomo lililonse ku Kapata, ku Mchini ngakhale ku Kalongwezi. Ubwino wake ndi wodziwika: ndi yotchipa, imanyamulika, ndipo makala mungathe kugula a kapulasitiki kamodzi malinga ndi ndalama imene yapezeka tsikulo. Kwa banja lodya zimene lapeza lero, mfundo yomalizayi si yaing'ono, ndipo aliyense wolangiza anthu kuti asiye makala popanda kuiganizira ndiye kuti sakudziwa mmene ndalama imalowera m'nyumba zambiri. Vuto la mbaula imeneyi ndi lakuti kutentha kwambiri kumathawira m'mabowo a m'mbali m'malo mopita pansi pa poto, moti kumawotcha miyendo ya wophika pamene madzi akuchedwa kuwira. Ikakolera sichepetseka moto, ndipo mukamaliza kuphika makala otsala amangonyeka mpaka kusanduka phulusa, pokhapokha mutawazimitsa n'kuwayanika.

Mbaula yomatidwa dongo lowotcha mkati, yokhala ndi kachitseko kolowera mphepo m'munsi, imakonza zolakwika zonse ziwirizi. Dongolo limasunga kutentha n'kukukankhira kumwamba, ndipo kachitseko kamakupatsani mphamvu pa motowo: mukatsegula umayaka mwamphamvu, mukatseka umafatsa, ndiwo n'kumapsa pang'onopang'ono osapserera. Imalowa makala ochepa pa nthawi imodzi, ndipo thumba limene linkatha msanga limakhalitsa moonekeratu. Mtengo wake ndi wokwererapo, imalemera, ndipo dongo limasweka ngati mbaulayo yagwa kapena ngati mwathira madzi ozizira ili yotentha, chomwe ndi chizolowezi cha ambiri pozimitsa moto. Pogula, igogodeni ndi chala kuti mumve ngati dongolo likulira bwino, ndipo muyang'ane ngati mulibe ming'alu pa malo okhala makala. Pakati pa mbaula ziwirizi sindikayika n'komwe: ya dongo imabweza ndalama yake kudzera m'makala amene simunagule.

Komabe mbaula zonse ziwiri zili ndi ngozi imodzi imene siyenera kutchulidwa mongodutsa. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye anthu amalowetsa mbaula m'chipinda chotseka kuti awothe, kenaka n'kugona. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo ngati ali m'tulo angathe kufa osadzidzimuka n'komwe. Mbaula iziyaka pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo isagone m'chipinda chimodzi ndi anthu ngakhale makala ataoneka ngati azima.

Palinso mtengo wina wa makala umene sulipiridwa pamsika. Aliyense woyenda msewu wa ku Lundazi, wa ku Chadiza kapena wa ku Mfuwe m'mamawa amakumana ndi njinga zosenza matumba, ndipo thumba lililonse ndi mitengo ya mombo, mtondo kapena tsanya imene inatenga zaka zambiri kuti ikule. Mu uvuni wa dothi, gawo lalikulu la mtengo limathera mu utsi, moti kilogalamu imodzi ya makala imadya makilogalamu angapo a nkhuni. Sindikuloza chala owotcha makala, pakuti ambiri amatero mvula ikawakana ndipo ana akufuna chakudya, koma mapiri ozungulira mzinda wathu akuonetsa okha kumene tikupita.

Gasi ndiye amapambana pa liwiro ndi pa ukhondo. Mukatsegula moto umayaka pomwepo, mukatseka umazima pomwepo, ndipo mapoto sada ndi mwaye. Pophika phala la ana opita kusukulu, pokazinga mazira kapena kapenta, potenthetsa ndiwo za dzulo, palibe chofanana naye, chifukwa nthawi imene mukanathera mukukoleza ndi kukupiza mbaula chakudya chimakhala chitapsa kale. Masamba ngati repu ndi chiwawa, amene amafuna mphindi zochepa, amayeneranso pa gasi. Chovuta ndi polowera: silinda, regyuleta (kachipangizo kochepetsa mphamvu imene gasi amatulukira), payipi ndi chitofu zimafuna ndalama yambiri pa kamodzi, ndipo gasi akatha mumafunika ndalama yodzazitsira, osati ya kapulasitiki. Masilinda ang'onoang'ono a makilogalamu 3 kapena 6, amene chophikira chimamangidwa pamwamba pake penipeni, amachepetsako vutoli, ngakhale kuti poto wamkulu sakhazikika bwino pamenepo. Povundula nsima ya banja la anthu ambiri, mthiko umafuna mphamvu, ndipo poto wokhala pamwamba pa silinda yopapatiza angathe kupendama n'kukuthirani phala lotentha. Ngati nsima ya tsiku ndi tsiku iziphikidwa pa gasi, ndi bwino kugula chitofu cha patebulo cholumikiza ndi payipi.

Mantha a anthu ambiri pa gasi ndi oti aphulika, ndipo manthawo sayenera kusekedwa, koma ayenera kusanduka kusamala. Gasi wa m'masilinda amathiridwa fungo mwadala kuti mudziwe ngati akutuluka, ndipo popeza ndi wolemera kuposa mpweya, amaunjikana pansi m'malo mokwera kudenga. Mukamva fungolo, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. Poyesa ngati polumikizira pakudontha, pakani madzi a sopo n'kuona ngati pakutuluka thovu. Musayese ndi moto. Silinda iziima chilili, kutali ndi mbaula, ndipo payipi ikayamba kuuma ndi kung'aluka isinthidwe, osamangidwa ndi mphira. Dzazitsani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi la Energy Regulation Board, ndipo muziona silinda ikuikidwa pa sikelo.

Hotipuleti ndi yotchipa kugula, koma imachedwa kutentha, imachedwa kuzizira, ndipo imadya mayunitsi. Yuniti imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 kwa ola lathunthu, choncho mbale ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu maola awiri yadya mayunitsi pafupifupi atatu. Chimene ndimachiona kukhala chanzeru kwa amene ali ndi magetsi ndi poto wa presha wamagetsi. Iye amatsekera nthunzi mkati, madzi amatentha kupitirira mmene amawirira mu poto wotsegula, ndipo akafika pa kutentha koyenera amadzizimitsa yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Nyemba zimene pa mbaula zimafuna maola awiri kapena atatu ndi kuwonjezera makala kangapo, mmenemo zimapsa ola lisanakwane, yuniti imodzi isanathe. Nkhuku ya kumudzi, nyama yolimba, chimanga chokonola chophika ndi nyemba, zonsezi ndi ntchito yake. Sangakuthandizeni magetsi akathima, ndipo nsima yake si aliyense amene angaikonde, koma chifukwa chofulumira amatha kumaliza ntchito m'maola ochepa amene magetsi abwera.

Kumudzi, ku Katete, ku Sinda kapena ku Petauke, mpikisano ndi wina: mafuwa atatu ndi chitofu chomanga ndi njerwa ndi dothi. Mafuwa salira ndalama, amalandira mphika wa msinkhu uliwonse, ndipo pophika thobwa kapena nsima ya pamaliro palibe chowalowa m'malo. Koma amadya nkhuni zambiri, ndipo utsi wake umathera m'maso ndi m'chifuwa mwa mayi ndi mwana amene ali kumbuyo. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2020. Chitofu cha dothi mungathe kumanga nokha ndi njerwa zochepa, dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga, n'kusiya khomo lolowetsera nkhuni ndi mpata wa mphepo pansi pake. Chinsinsi chake ndi kuchisiya chiume bwino pamthunzi musanasonkhe moto, ndiponso kusiya kampata pakati pa mphika ndi khoma kuti moto uzinyambita m'mbali mwa mphika. Chimayaka ndi tinthambi ndi zitsononkho, ndipo alimi amene anadzala mitengo yobwezera chonde ya gliricidia m'minda mwawo, monga amalimbikitsira a COMACO, bungwe logwira ntchito ndi alimi, amapeza nkhuni pongosadza mitengoyo. Chimafuna kumatidwanso chikang'aluka, ndipo mvula isachigwere.

Ndikanati ndilangize banja la m'tauni limene ndalama zake ndi zowerengeka, ndikanati liyambe ndi mbaula ya dongo, chifukwa ndiyo yofikirika msanga ndipo phindu lake limaoneka mwezi womwewo. Ndalama ikapezeka, ligule gasi wa zophika zofulumira, koma lisamuwonongere pa nyemba ndi madzi osamba. Poto wa presha abwere pambuyo pake ngati nyumbayo ili ndi magetsi. Pa chophikira chilichonse mwa zimenezi, nyemba zoviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, ndipo poto wovundikira amawira mofulumira kuposa wapululu. Mungathenso kuwiritsa nyembazo kwa mphindi 20 kapena 30, n'kuphula poto ali wovundikira, kumukulunga m'bulangeti lakale ndi kumuika mu dengu kwa maola atatu kapena anayi. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe, ndipo madzulo mumangoziwiritsanso pang'ono pothira tomato ndi anyezi.