Masabata 12 ndi pulogalamu ya core: msana wapepuka, koma liwiro lili pomwe linali

Nyenyezi 3 mwa 5.

Ndimathamanga mamita 400, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 7 ndili m'mipikisano. Pulogalamuyi ndinaigula chifukwa cha zimene analemba poitsatsa: akuti m'masabata 12 imawonjezera mphamvu ya anaerobic, mphamvu ija imene minofu imatulutsa mwadzidzidzi osadikira mpweya. M'bokosi munali kagudumu kogudubuza pansi, malamba awiri a labala, mpira wolemera makilogalamu 4, ndi nambala yotsegulira apu ya pafoni imene ili ndi mavidiyo onse. Core imene amanenayi ndi thunthu la munthu, kuyambira pansi pa nthiti mpaka m'chiuno, mimba ndi msana womwe.

Vuto langa ndi lodziwika kwa aliyense amene anathamangapo mtunda umenewu. Masekondi 10 oyambirira thupi limadya phosphocreatine, nkhokwe ya mphamvu yosungidwa kale m'minofu, ndipo zonse zimakoma. Ikachepa, thupi limadalira kwambiri kuphwanya shuga mofulumira popanda mpweya, ndiye ukamatuluka pa kona yomaliza miyendo imakhala ngati aimangirira miyala. Ine pamenepo ndimaphwasuka: mapewa amakwera m'makutu, mutu umagwera kumbuyo, chiuno chimatsika. Kochi wanga amangokuwa kuti, “Wakhala pansi iwe, dzuka!” Ndiye mmawa wake msana wa m'munsi umakhala ukupweteka, moti kuvala nsapato ndi ntchito.

Masabata 4 oyamba anandikwiyitsa. Munthu wozolowera kunyamula zitsulo, akundiuza kuti ndigwade pansi ngati mwana wokwawa, nditambasule dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere, ndigwire masekondi 10. Amenewa amatchedwa bird dog, amodzi mwa masewera atatu amene anatchuka ndi Stuart McGill, katswiri wa za msana amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Waterloo ku Canada: curl-up (kudzutsa mutu ndi mapewa pang'ono utagona chagada), side plank (kuuma chammbali utatsamira chigongono chimodzi) ndi bird dog. Apuyi imatsatiradi njira yake yogwira pang'ono koma mobwerezabwereza, kasanu, kenako katatu, kenako kamodzi, m'malo mouma pa plank (thupi lili njo pa zigongono ndi zala za kumapazi) mphindi 3 mpaka msana kupindika. Ndinkaziona ngati za anthu ochira kuchipatala. Tsiku lina vidiyo inati ndiike ndodo yopingasa pamsana ndikamachita bird dog. Mbali yamanja ndodo inakhala phee. Nditangokweza mwendo wamanzere, inagwa. Ndinabwereza kanayi, inagwa kanayi. Apa m'pamene ndinasiya kuseka, chifukwa ndinazindikira kuti zaka zonsezi chiuno changa chimathawira mbali imodzi ine osadziwa, ndipo ndi mbali yomweyo imene msana umandipweteka.

Gawo limeneli la pulogalamuyi ndikuliyamikira ndi mtima wonse. Mavidiyo ake ndi aafupi, amaonetsa zolakwika zimene anthu amachita asanaonetse zolondola, ndipo amalimbikira kuti uzipuma bwinobwino mimba ili yolimba. Chimenechi n'chofunika kuposa mmene chimamvekera. Wothamanga sangabanike mpweya kuti thunthu likhale chilili, ayenera kulimbitsa uku akupuma wefuwefu.

Kuyambira sabata 5 zinthu zinalimba. Panabwera Pallof press, pamene lamba amakukokera kumbali iwe n'kumakana kutembenuka, kenako Copenhagen plank ya minofu ya mkati mwa ntchafu, imene inandiliritsa, ndi kagudumu kaja. Masabata 4 omaliza ndi oponya mpira kukhoma mwamphamvu, nthawi zina utaima ndi mwendo umodzi.

Tsopano funso lenileni: kodi mphamvu ya anaerobic inakwera? Sindinafune kungodalira mmene ndikumvera, choncho ndinayezetsa ndisanayambe komanso nditamaliza. Muyeso woyamba unali wa Wingate, umene unayambira ku Wingate Institute ku Israel m'ma 1970: kupalasa njinga ya pamalo amodzi ndi mphamvu zako zonse masekondi 30, atakuikira cholemetsa cha 7.5 peresenti ya kulemera kwa thupi lako. Amene sanauchitepo, konzekerani ndowa pafupi. Zotsatira za kawiri konseko zinali pafupifupi zofanana, kusiyana kwake n'komwe kumakhalapo munthu ukagona bwino kapena ayi. Nditaganiza, sizinandidabwitse. Panjinga umakhala pachishalo, manja agwira mahandulo, thunthu lachirikizidwa kale. Chimene chikuyezedwa ndi ntchafu ndi mmene minofu imaphwanyira shuga, ndipo side plank sifika kumeneko.

Muyeso wachiwiri unali RAST: kuthamanga mamita 35 kasanu n'kamodzi, kupuma masekondi 10 okha pakati. Ulendo wanga wothamanga kwambiri sunasinthe. Maulendo awiri omaliza ndi amene anayandikirako oyamba, sindinagwe kwambiri ngati kale. Ndikanakonda kunena kuti ndi pulogalamuyi, koma masabata omwewo kochi ankatithamangitsa mamita 300 mobwerezabwereza, ndipo zimenezo pazokha zimaphunzitsa thupi kupirira. Ndani adya ulemu pamenepa, ine sindingalumbire.

Chimene ndingalumbire ndi vidiyo ya mamita 100 omaliza imene mnzanga anandijambula. Ndikutopa ngati kale, nkhope yakwinyika ngati kale, koma chiuno chili pamwamba ndipo manja sakudutsa pakati pa chifuwa. Kwa zaka ndakhala ndikuonera Wayde van Niekerk akuthamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ku Rio mu 2016, ali mu mzere wa 8 osaona mnzake aliyense kutsogolo, komanso Michael Johnson ndi 43.18 yake ku Seville mu 1999, msana uli njo ngati wameza ndodo. Ndinkayang'ana miyendo yokha. Tsopano ndimayang'ana pakati pa thupi, ndipo pamenepo sipagwedera. Koma tisanamizane, anthu amenewa sanafike pamenepo chifukwa cha kagudumu. Ngakhale Usain Bolt, amene ali ndi msana wokhota wa scoliosis, ankalimbitsa thunthu kuti msanawo umulole kuchita masewera olemetsa. Masekondi 9.58 ake pa mamita 100 ku Berlin mu 2009 anachokera m'masewera olemetsawo. Umu ndi mmene ndikuionera pulogalamuyi, ngati yothandiza msana kuti ukulole kuchita masewera olemetsa, ndipo akanaitsatsa choncho ndikanaipatsa nyenyezi 4. Kuyambira sabata 6 sindinajombe tsiku ngakhale limodzi chifukwa cha msana, pamene kale ndinkajomba kawiri kapena katatu pamwezi.

Zodandaula zilipo. Lamba wopepuka anayamba kung'ambika pafupi ndi chogwirira m'sabata 7, ndipo wina wolowa m'malo anafika patatha masabata 3, gawo la malamba litatha. Zogwirira za kagudumu zimaterera ukatuluka thukuta. Wotchi ya mu apu imaima foni ikazima yokha, ndiye umapezeka uli pa chigongono chimodzi ukudikira belu limene silidzalira.

Chondikhumudwitsa kwambiri n'chakuti apu imene amati ndi ya akatswiri siifunsa n'komwe ndondomeko yako ya sabata. Inandipatsa kagudumu ndi Copenhagen plank Lolemba madzulo, Lachiwiri mmawa tili ndi liwiro la pa mabuloko opondapo ponyamuka. Ndinafika mimba ndi ntchafu zili zowawa, kochi anandiyang'ana kamodzi n'kundibweza kuti ndizikathamanga pang'onopang'ono pakapinga. Wothamanga wa mipikisano ali kale ndi masiku olemera, ndipo minofu ya mkati mwa ntchafu yotopa si yoti upite nayo pa liwiro. Ndinachita kusuntha masiku ndekha: zolimba ndinkazichita nditamaliza kuthamanga tsiku lomwelo, kuti tsiku lopuma likhale lopumadi. Ngati mwagula kale, khalani pansi ndi kochi wanu musanatsatire kalendala yawo.

Apuyi sindinalipirenso masabata 12 atatha. Masewera atatu oyamba aja ndimawachitabe mphindi 10 ndisanavale nsapato za misomali, mpira ndimauponya kawiri pasabata, ndipo kagudumu ndinamupatsa mnzanga woponya nthungo amene ankakasilira.